Hullabaloo: Phokoso Loposa Nkhani Yake

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Mukutimva nonse a ku Mchinji, kuyambira kwa Mkanda ndi ku Kapiri, kutsika pa Kamwendo, pa Boma, kwa Mlonyeni, mpaka abale athu a tsidya la malire ku Mwami ndi ku Chipata, poti mawu a wailesi safunsidwa chiphaso pa boda. Yakwana nthawi ya phunziro lathu la mawu a Chingerezi. Ophunzira a Folomu 3 ndi 4, tengani kope ndi cholembera. Amene manja ali m'madzi otsukira mbale, makutu okha akwanira. Muno ndili ndi aphunzitsi athu a masiku onse, amene anagwira choko zaka zambiri asanapume pantchito.

APHUNZITSI: Lero ndabwera ndi liwu limene ana asukulu amalikonda akangolimva, chifukwa limasewera m'kamwa. Liwulo ndi hullabaloo.

WOULUTSA: Mubwerezenso, Aphunzitsi, lilime langa lisanapunthwe.

APHUNZITSI: Ha-la-ba-luu. Mphamvu yonse muyiike kumapeto, pa luu. Kalembedwe kake ndi aka: H, U, L, L, A, B, A, L, O, O. Ma L ndi atatu, awiri koyambirira, mmodzi chakumapeto. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ife a Chichewa L ndi R timawasakaniza mosavuta, ndipo wolemba mayeso akhoza kuyika R pamene palibe. M'liwu limeneli mulibe R ngakhale mmodzi.

WOULUTSA: Nanga tanthauzo lake?

APHUNZITSI: Mwachidule ndi phokoso la anthu ambiri amene adzidzimuka, akwiya, kapena atengeka ndi chinthu china. Koma ndikangoti phokoso ndiye kuti ndakunamizani theka. Tiyeni tipite pa boda. Basi yochokera ku Lusaka yafika pa Mwami. Osintha ndalama ali apo ndi mipukutu ya makwacha a mbali zonse ziwiri, a kabaza akukokerana chikwama cha munthu mmodzi, oitanira akukuwa kuti Lilongwe, Lilongwe, mmodzi watsala, pamene minibasi ili ndi anthu atatu okha. Amayi ogulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga nawonso akuitanira malonda. Phokoso lilipo ndithu. Koma Mngelezi sanganene kuti imeneyi ndi hullabaloo. Iye ali ndi liwu lina, hubbub, lonena phokoso wamba la malo odzaza anthu, pamene aliyense akulankhula zake ndipo palibe walakwiridwa. Ife timati pali piringupiringu, kapena anthu ali yakaliyakali.

WOULUTSA: Ndiye kuti pamafunika choputa.

APHUNZITSI: Mwagwira pomwepo. Tsopano tibwerere pa Kamwendo tsiku la msika, nyengo yogulitsa soya ndi mtedza. Mlimi wina wayika thumba lake pa sikelo ya venda, sikelo yawerenga makilogalamu 43, pamene iye akudziwa kuti kunyumba linakwana 50. Akukuwa kuti sikelo iyi ndi yobera. Anzake athamangira. Venda nayenso akulumbira kuti sikelo yake ndi yoyesedwa ndi boma. Amayi ena ayamba kuwowoza, anyamata akwera pa ngolo kuti aone bwino, ndipo amene ali kumbuyo kwa khamulo akukuwa kuposa onse ngakhale sakudziwa kuti nkhani yayambira pati. Wina akuti wagwidwa wakuba, wina akuti mwana wasowa. Palibe wamenyedwa, palibe chaswedwa. Pakapita mphindi makumi awiri, wapampando wa msika wabwera ndi sikelo ina, nkhani yatha, aliyense wabwerera ku malonda ake. Imeneyo ndiyo hullabaloo yeniyeni.

WOULUTSA: Anthu a kumbuyo aja ndimawadziwa bwino, Aphunzitsi. Sasowa pamalo alionse.

APHUNZITSI: Sanayambe lero. Owerenga Baibulo akumbukire Machitidwe a Atumwi mutu 19, nkhani ya ku Efeso. Wosula siliva wina dzina lake Demetriyo anaona kuti chiphunzitso cha Paulo chigwetsa malonda ake a tiakachisi ta siliva ta mulungu wawo wamkazi. Anautsa anzake, mzinda wonse unathamangira ku bwalo la masewero, ndipo anakuwa pafupifupi maola awiri. Wolemba nkhaniyo akutiuza kuti ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe chimene anasonkhanira. Amene anawabalalitsa ndi mlembi wa mzinda, powakumbutsa kuti mabwalo a milandu alipo, ndipo akapitiriza akhoza kuzengedwa mlandu woyambitsa chipolowe. Mlembi ameneyu mumusunge m'maganizo, chifukwa malire amene iye anawaona, pakati pa kukuwa chabe ndi mlandu, tiwafika posachedwa.

WOULUTSA: Tisanafike kumeneko, liwuli linachokera kuti? Silikumveka ngati Chingerezi chimene tinaphunzira m'kalasi.

APHUNZITSI: Mawu ambiri aatali a Chingerezi anabwerekedwa ku Chilatini, Chigiriki kapena Chifalansa, ndipo mukhoza kuwaduladula n'kupeza tanthauzo la chidutswa chilichonse. Ili ayi. Ili linabadwira pakamwa pa anthu wamba a ku Scotland ndi kumpoto kwa England. Mabuku ofotokoza mbiri ya mawu amaloza chaka cha 1762 ngati nthawi imene linayamba kuoneka lolembedwa, m'buku la nthano la Tobias Smollett lotchedwa Sir Launcelot Greaves. Smollett anali wa ku Scotland, anabadwa mu 1721, anaphunzira zaudokotala ndipo anagwirako ntchito imeneyo m'sitima zankhondo zapamadzi asanatchuke ndi zolemba. Pa nthawi imeneyo kalembedwe ka liwuli kanali kasanakhazikike. Ena ankayamba ndi hollo, ena halloo, aliyense monga linamvekera m'khutu mwake. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti liwuli linayendayenda m'misika ndi m'malo omwera mowa lisanalowe m'buku.

Chidutswa choyamba chija akatswiri amachigwirizanitsa ndi mfuu wa alenje. Ku Britain anthu ankasaka nyama atakwera akavalo, agalu ali patsogolo, ndipo nyama ikadzambatuka ankakuwa kuti halloo pofuna kutcheza agaluwo ndi kuitana anzawo. Akuluakulu amene munapitako ku uzimba mukudziwa mmene tchire limasokosera kalulu akatuluka. Mfuu womwewo ndi wachibale ndi hello amene timanena pafoni lero. Chidutswa chachiwiri, baloo, ambiri amati chinangowonjezedwa kuti liwu limveke lobwereza, likhale ndi kayimbidwe. Koma ena amakumbutsa kuti m'chilankhulo cha anthu a ku Scotland baloo ndi liwu lotonthozera mwana, limene mayi amayimba pomugoneka. Ngati a gulu lachiwirili akulondola, ndiye kuti m'liwu limodzi muli mlenje akukuwira agalu ndi mayi akutonthoza khanda. Ine kufotokoza kumeneku ndimakukonda, chifukwa nyumba imene zonsezi zikuchitika nthawi imodzi ndi nyumba ya phokoso ndithu.

WOULUTSA: Kubwerezako kukundikumbutsa mawu athu omwe.

APHUNZITSI: Eetu, ndipo apa mwana wa ku Mchinji ali ndi mwayi woposa mwana wa ku London. Chichewa n'chodzaza ndi mawu amene kamvekedwe kake kamajambula chinthucho. Mpungwepungwe. Piringupiringu. Balalabalala. Pokopoko. Munthu asanakuuzeni tanthauzo, khutu layamba kale kumva kuti zinthu sizili m'malo mwake. Chingerezi chili ndi ochepa otere, monga hurly-burly, helter-skelter ndi hullabaloo yathuyi, ndipo eni ake amawaona ngati mawu oseketsa, a pocheza. Ife athuwa timawagwiritsa ntchito ngakhale pa nkhani za boma. Wowerenga nkhani pa wailesi akhoza kunena kuti m'chipani chakuti muli mpungwepungwe, ndipo palibe amene angaseke. Mngelezi akati m'chipani muli hullabaloo, pakamwa pake pali kamwetulira.

WOULUTSA: Kamwetulira kotani?

APHUNZITSI: Apa ndi pamene pagona phunziro la lero. Liwuli silingofotokoza phokoso. Limaweruzanso. Amene walisankha akutiuza kuti, m'maso mwake, phokosolo lakula kuposa nkhani yake. Munthu akafunsa kuti, What is all this hullabaloo about? sakufunsa ngati wofuna kuthandiza. M'Chichewa akuti, kodi chosokosera n'chiyani apa? Akuchepetsa. Nthawi zina amalondola, chifukwa anthu timathadi kuutsa mudzi wonse pa nkhani ya nkhuku imodzi. Koma nthawi zina liwuli limakhala chida cha munthu amene sakufuna kuyankha funso.

Nditenge chitsanzo chimene boma lathu lino linatchuka nacho dziko lonse lapansi. Mu Okutobala 2006 woyimba wa ku America, Madonna, anabwera kudzatenga mwana wamwamuna wa chaka chimodzi ku nyumba yosungirako ana ya Home of Hope kuno ku Mchinji. Amene analipo akukumbukira magalimoto a atolankhani akunja akupalasa fumbi m'misewu ya kumidzi, makamera akuloza aliyense wooneka ngati wachibale wa mwanayo, nyuzipepala za ku London ndi ku New York zikulemba dzina la Mchinji tsiku ndi tsiku. Anthu amene sankadziwa kuti Malawi ali mbali iti ya Africa anasanduka akatswiri a nkhani ya ana amasiye. Mbali imeneyo, ya makamera ndi mitu ya nkhani yofuula, mukhoza kuyitcha hullabaloo ndipo sindingakuchotsereni malikisi.

Koma pansi pa phokosolo panali funso lolemera. Lamulo lathu lotengera ana linkanena kuti wotenga mwana akhale wokhala m'Malawi, ndipo woyimbayu sankakhala kuno. Bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe linamupatsa chilolezo chongoyembekezera cha miyezi 18, mwana n'kupita ku London. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu, pansi pa Human Rights Consultative Committee, anapita kukhoti kufuna kuti ndondomeko yonse iunikidwe. Chigamulo chomaliza chomulola chinatuluka mu Meyi 2008. Funso lomwelo linabweranso mu 2009, pamene bwalo lalikulu linamukaniza kutenga mwana wachiwiri pa chifukwa cha kukhala m'dziko, kenako bwalo la apilo n'kusintha chigamulocho mu Juni chaka chomwecho. Mu 2017 anabweranso ku Home of Hope n'kutenga atsikana awiri amapasa. Tsono amene ankati zonsezi ndi hullabaloo chabe ankafuna tikhulupirire kuti mabungwe aja akungosokosa. Kaya munali mbali ya woyimbayo kaya ya mabungwe, kufunsa ngati lamulo la dziko limagwira munthu wachuma monga limagwirira wosauka si kusokosa.

WOULUTSA: Ndiye kuti tikamva liwuli tizifunsa kuti walinena ndani.

APHUNZITSI: Ndiponso wakhala pati polinena. Taganizani za fetereza wotsika mtengo. Ndondomeko ya AIP itayamba mu 2020, thumba la makilogalamu 50 linali pa K4,495, ndipo zaka zotsatira mtengo unakwera kufika pa K15,000. Alimi amagona pa depoti, m'mawa n'kuuzidwa kuti netiweki palibe, kapena kuti dzina silikuoneka m'makina, mvula ili mkati kugwa, chimanga chikuyezuka m'munda. Akayamba kukuwa, munthu wokhala mu ofesi yozizira akhoza kulemba kuti there was a hullabaloo at the depot. Galamala yake ndi yolondola, koma wanama. Kwa mlimi uja nkhaniyo ndi ya nsima ya chaka chonse, ndipo phokoso lake n'lochepa poyerekeza ndi chimene chili pachiswe. Chimodzimodzi mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amalonda a pa boda, amene amaoda katundu ku Chipata, anadzuka mpamba wawo utafota usiku umodzi. Kudandaula kwawo munthu waulemu sangakutche hullabaloo.

WOULUTSA: Koma Aphunzitsi, musatiopseze mpaka tiziopa kuligwiritsa ntchito.

APHUNZITSI: Iyayi amayi, malo ake alipo ambiri, ndipo likakhala pamalo pake limakoma. Timu ya mpira ya m'mudzi yagoletsedwa, ochemerera akuti woyimbira wadya ndalama, akuwa mpaka dzuwa kulowa, mawa lake onse akumwera limodzi thobwa. Pa ukwati nyimbo ya perekaniperekani yadulidwa a kuchimuna asanamalize kuponya ndalama, azakhali akwiya, holo yonse yaimirira. Pa Facebook munthu wotchuka wavala chovala chachilendo, anthu akangana masiku atatu, lachinayi aiwala. Zonsezi ndi hullabaloo yabwinobwino. Onani kuti m'chitsanzo chomalizachi mulibe phokoso lomveka ndi khutu. Masiku ano liwuli limagwiranso ntchito pa mkangano wa m'nyuzipepala ndi pa intaneti, pamene anthu akukuwa ndi zala.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Mukumvera phunziro la mawu a Chingerezi, ndipo lero tili pa liwu lakuti hullabaloo. Aphunzitsi, nyuzipepala zathu za Chingerezi zimakonda liwu lina. Aphungu akangokwezerana mawu ku Nyumba ya Malamulo, mawa timawerenga kuti kunali pandemonium. Kodi ndi chimodzimodzi?

APHUNZITSI: Si chimodzimodzi, ndipo atolankhani athu liwu limenelo alitopetsa. Mosiyana ndi hullabaloo, limene linamera lokha pakati pa anthu, pandemonium ili ndi mwini wake wodziwika ndi chaka chake chobadwa. Analipanga ndi mlakatuli wa ku England, John Milton, m'ndakatulo yake yaitali ya Paradise Lost imene inatuluka mu 1667. Pa nthawiyo Milton anali atachita khungu, moti ankalakatula pakamwa ena n'kumalemba. M'ndakatuloyo Satana ndi angelo ake atagwetsedwa kumwamba akumanga likulu lawo ku gehena, ndipo Milton anafuna dzina la likululo. Anatenga mawu awiri a Chigiriki. Loyamba ndi pan, kutanthauza zonse, pan yemweyo amene timamumva mu Pan-African. Lachiwiri ndi daimon, kumene kunachokera liwu lakuti demon, chiwanda. Ndiye Pandemonium ndi mzinda wa ziwanda zonse.

Chodabwitsa n'chakuti m'ndakatulomo ziwandazo sizikuchita chisokonezo m'nyumbayo. Zakhala pansi pa msonkhano, zikulankhula mosinthana, chilichonse chikupereka maganizo ake pa zoti achite. Aphungu ena akhoza kuphunzirapo kanthu. Tanthauzo la chisokonezo linabwera pambuyo, anthu atayamba kutcha malo alionse oipa ndi aphokoso ndi dzina limeneli, ndipo pofika zaka za m'ma 1800 linali litasanduka dzina la chisokonezo chenichenicho.

WOULUTSA: M'Chichewa tingati chiyani?

APHUNZITSI: Chipwirikiti. Mu hullabaloo anthu amathamangira kumene kuli nkhani, kufuna kuona ndi kuponyapo mawu. Mu pandemonium anthu amathawa, aliyense njira yake, ngati anapiye kabawi akagwa pabwalo. Muli mantha, ndipo palibe akumvera mnzake. Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, khamu la anthu linakanikizana pa zipata za bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe pofuna kulowa kukaonera mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Anthu asanu ndi atatu anamwalira, asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Pamenepo ndi pamene liwu la Milton limayenera. Mukaligwiritsa ntchito pa aphungu amene akumenya matebulo ndi kukanizana kulankhula, tsiku la tsoka lenileni mudzasowa liwu. Za ku Nyumba ya Malamulo zija nthawi zambiri ndi uproar, kapena hullabaloo imene.

WOULUTSA: Munatiuza kuti tisunge mlembi wa mzinda wa Efeso.

APHUNZITSI: Inde, chifukwa pamwamba pa zonsezi pali liwu lakuti riot, chipolowe, ndipo limeneli si la olemba nthano okha, ndi la malamulo. Malamulo athu a milandu amanena kuti anthu atatu kapena kuposerapo akasonkhana ndi cholinga chopalamula, kapena akamachita zinthu mwa njira yopangitsa anthu oyandikana nawo kuopa kuti mtendere usokonekera, umenewo ndi msonkhano wosaloledwa. Akayamba kuchita chimene anasonkhanira, mosokoneza mtendere ndi moopseza anthu, chasanduka chipolowe. Anthu atatu okha, amayi. Ndiye mlembi wa komiti ya msika, kapena mphunzitsi wamkulu amene akulemba lipoti la zimene zachitika pasukulu, asamale. Akalemba kuti ophunzira anachita riot pamene anangokuwa kukana ndiwo za nyemba zofumbwa, wawayika ana aja m'manja mwa apolisi ndi cholembera chake.

Mbali inayo ndi yoopsanso. Ife a ku Mchinji popita ku Lilongwe timadutsa pa Msundwe, ndipo tikukumbuka chaka cha 2019, zionetsero zitabuka pambuyo pa chisankho cha mu Meyi. Pa 8 Okutobala chaka chimenecho anthu anatseka msewu pamenepo, ndipo wapolisi mmodzi anaphedwa pogendedwa miyala. Zitatero amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anawagwiririra, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu linagamula mokomera amayi 18, n'kulamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Zoterezi ndi ziwawa, violence, ndipo wina akazitcha hullabaloo watukwana akufa ndi ovulala omwe.

WOULUTSA: Pamenepo pamveka. Pali liwu linanso limene wophunzira angakumane nalo powerenga?

APHUNZITSI: Limodzi lokha ndilitchule, bedlam, chifukwa mbiri yake ili ndi chenjezo. Ndi dzina la Betelehemu litafupikitsidwa pakamwa pa anthu a ku London. Mu 1247 kunakhazikitsidwa nyumba ya chipembedzo yotchedwa St Mary of Bethlehem, imene pambuyo pake inasanduka chipatala cha odwala matenda a maganizo. Kwa zaka zambiri anthu ankaloledwa kulowamo kukaonerera odwalawo ngati zosangalatsa, mpaka mchitidwewu unaletsedwa mu 1770. Kulira ndi kukuwa kwa odwala aja ndiko kunapatsa liwuli tanthauzo la phokoso losalamulirika. Chipatalacho chilipobe lero, dzina lake Bethlem Royal Hospital. Ife tisawaseke Angelezi pamenepa, poti nafenso munthu akalankhula zosamveka timathamangira kunena kuti apite naye kuchipatala cha odwala maganizo ku Zomba, ngati kudwala maganizo ndi nthabwala. Liwuli mulidziwe kuti mukalipeza m'buku mulimve. Ine polemba ndimalizemba.

WOULUTSA: Tibwerere kwa ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE. Hullabaloo ayigwiritse ntchito bwanji m'chiganizo?

APHUNZITSI: Mulitenge ngati dzina, osati mneni. Musanene kuti anthu anachita hullabalooing. Kawirikawiri limayenda lili limodzi, ndi a kapena the patsogolo, ndipo kulichulukitsa n'kosowa. Aneni amene amayenda nalo ndi make, cause ndi raise. Mukafuna kutchula choputa chija, mulumikize ndi about kapena over. Mvetserani ichi: The traders raised a hullabaloo over the new market fee. Amalonda anautsa phokoso pa nkhani ya chiphaso chatsopano cha msika. China: When the hullabaloo died down, the chief spoke. Phokoso litazirala, amfumu analankhula. Died down ameneyo mumugwire, chifukwa ndi mmene Mngelezi amanenera kuzirala kwa phokoso.

Za malo ake pa mayeso, kumbukirani kamwetulira kaja. M'chimangirizo chosimba nkhani, monga tsiku limene mbuzi inalowa m'tchalitchi mapemphero ali mkati, liwuli lidzakometsa nkhani yanu ndipo wochonga adzaona kuti mumawerenga. M'kalata yopempha ntchito, m'lipoti lopita kwa bwanamkubwa, kapena m'kalata yodandaula kwa akuluakulu, musaliyandikire. Kumeneko lembani commotion kapena disturbance, mawu amene amangonena chimene chachitika osaseka aliyense. Ndipo musaliponye kawiri m'chimangirizo chimodzi. Ana ena akapeza liwu lalitali amalimwaza m'ndime iliyonse, wochonga mpaka kudziwa kuti ndi lokhalo limene mwanayu analoweza.

WOULUTSA: Ine ndinali mmodzi wa otero, koma nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina. Muwasiyire ntchito ya kunyumba.

APHUNZITSI: Nayi. Ndikupatsani zochitika zitatu, inu musankhe liwu la Chingerezi loyenera chilichonse, mulembe chiganizo chimodzi, ndipo pansi pake mulembe liwu la Chichewa limene agogo anu akananena. Choyamba: njuchi zagwa pa msika wa Kapiri masana, anthu ataya malonda awo, njinga zagwerana, ana akulira. Chachiwiri: komiti ya mjigo yakweza chopereka cha pamwezi ndi K200, ndipo mudzi wonse wakhala ukukambirana mokweza kwa sabata yathunthu. Chachitatu chili ndi msampha, muchilingalire bwino: amayi oyembekezera afika pachipatala china usiku, apeza chitseko chotseka, achibale awo ayamba kukuwa ndi kumenya chitsekocho. Pa chachitatuchi mundiuzenso amene akulemba chiganizocho, kaya ndi mlonda wa pachipatalapo kaya ndi mwamuna wa mmodzi wa amayiwo, ndipo muone ngati liwu lanu lisintha.

WOULUTSA: Mayankho anu mupereke kwa aphunzitsi anu a Chingerezi kusukulu, kapena muwatumize kuno ku wailesi, tidzawerengako ena sabata ya mawa. Aphunzitsi, sabata ya mawayo mutitengera liwu lanji?

APHUNZITSI: Tidzakhala pa boda pomwepo. Liwu lake ndi smuggle, ndipo amene amadutsitsa matumba a chimanga pa njinga usiku kudzera njira zachidule asadzatseke wailesi, sitidzatchula maina.

WOULUTSA: Omvera, tsalani bwino, tikumane sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi.

(Nyimbo yotsekera)